Diso la Mlekeni

Mukamachokera ku Limbe kulowera ku Mikolongwe, musanafike pokhotera kumalo osonkhanitsira mkaka, amene anthu a kuno amangoti kumkaka, pali chikwangwani chachikulu chimene dzuwa layamba kale kuchiwaula. Pali bambo wovala ovololo yobiriwira ndi majombo, wagwira chingwe cha ng'ombe yamawanga, mano onse ali panja. Kumbuyo kwake, chakumbali, kuli mayi wanyamula thireyi ya makapu. Pamwamba analembapo zilembo zikuluzikulu zakuti BAMBO AKADZIWA KUWETA, MAYI AMAMWETULIRA. Mayi ameneyo ndi Easter Mulipa, ndipo m'mawa uliwonse amadutsa pansi pa chikwangwanicho atasenza chigubu cha mkaka, osakweza maso. Ng'ombeyo ndi yake. Bamboyo anali mwamuna wake.

Easter anabadwira pamudzi pomwepo, Lamulungu la Pasaka, n'chifukwa chake dzinalo. Makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo kwawoko malo ndi a akazi: munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye mkamwini. Sukulu anailekezera sitandade sikisi mayi ake atadwala miyendo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kunabwera Rafaeli wa ku Mbombwe, atanyamula sutikesi yamalata, kawailesi ndi nkhope yokongola. Kukongola kokhako tisamunamizire, anali nako. Mano oyera ngati ufa woyera, mawu okoma, ndipo pamaliro akaima kuti alengeze za mwambo, ngakhale olira ankayamba atonthola kuti amve.

Sanali munthu woipa. Sanamenyepo mkazi, mowa ankangolawa. Kungoti iye ndi ntchito sankamwerana madzi. Anayesa utelala, maso anayamba kumuwawa. Anayesa kabaza, msana unakana. Anayesa kukonza njinga, mafuta ankamuyabwa m'manja. Ana atatu anabadwa, anakula n'kuchoka, woyamba Jessica kukakwatiwa ku Bangwe, ndipo zaka zonsezo amene ankadziwa kuti mchere watha liti anali Easter.

Ng'ombe inabwera zaka khumi zapitazo, kudzera m'gulu la amayi khumi. Lamulo linali lakuti aliyense ayambe wamanga khola lofolera bwino. Easter anadula mitengo yekha, anakumba maenje yekha. Rafaeli anagwirizira mtengo umodzi, kenaka anakumbukira kuti kuli maliro kutsidya. Tsiku limene lole inatsitsa misoti khumi ya ng'ombe, umodzi unatsika ukuchucha magazi: waya unaubaya diso lakumanzere m'njira. Amayi onse anaukana, mpaka woyendetsa anayamba kuukankha kuti ukwerenso. Easter anamva chisoni. Anati, "Mlekeni, ndimutenga ine." Dzina linakhala lomwelo, Mlekeni.

Amene sanawetepo ng'ombe yamkaka amayesa kuti mkaka umangotuluka. Ng'ombe imeneyi sidziwa Lamulungu, sidziwa maliro, sidziwa kuti mwini wake wadzuka ndi malungo. Pamafunika nsenjere za kudambo, mitolo iwiri, n'kuziduladula ndi chikwanje. Pamafunika ndowa zisanu ndi imodzi za kumjigo, madeya, mchere, kupala ndowe, kutsuka zigubu ndi madzi otentha, ndi kukama kawiri, m'mawa ndi chakumadzulo. Manja a Easter anang'ambika ngati pansi m'chilimwe, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinapita ndi chikwanje, sichinamerenso. Mlekeni nayenso anali ndi malamulo ake. Diso lakumanzere linafa, linangokhala mbuu, choncho wofuna kumuyandikira ankayenera kudzera kumanja, kumene akuona, ndipo ayambe wamuyankhula. Wodzera kumanzere mwakachetechete ankalandira chiboda. Easter ankafika nthawi zonse akung'ung'udza kuti, "Ndine, mayi, ndine," ng'ombe n'kutsitsa mkaka yokha. Pagulu lonse panalibe ina yodzaza chigubu ngati iyo.

Ndiye tsiku lina Lachitatu, chaka chadzana, pakhomo panaima galimoto yoyera. Munatuluka mtsikana wovala buluku ndi magalasi akuda, ndi anthu awiri onyamula makamera. Mtsikanayo anati dzina lake ndi Tadala, wachokera ku Blantyre, ku kampani ina yogulitsa chakudya cha ng'ombe. Alangizi anawauza kuti ng'ombe yabwino kuposa zonse m'dera lino ili pakhomo pano, ndipo ankafuna kuijambula kuti ikhale pa kalendala ndi pa chikwangwani.

Easter anali atangotuluka m'khola, ndowe mpaka m'akakolo. Mtima unagunda ndi chimwemwe, osabisa. Zaka zonsezi palibe anabwerapo kudzaona ntchito yake.

"Takulandirani. Ng'ombe ndi iyi," anatero. "Ndikasambe kaye?"

"Sambani, mayi, muvale chitenje chabwino," anayankha Tadala. Kenaka anaunguzaunguza. "Nanga abambo ali kuti?"

Abambo anali pakhonde, akusenda nzimbe ndi mano awo okongolawo. Wojambula atangomuona Rafaeli anaomba m'manja, akuti nkhope ngati imeneyi akhala akuisaka kuyambira ku Thyolo. Anatulutsa m'galimoto ovololo yatsopano ndi majombo onunkhira kusitolo. Rafaeli anavala, zinamukhala ngati anabadwa nazo.

Easter atabwera wosambasamba anapeza chingwe cha Mlekeni chili m'manja mwa mwamuna wake. Wojambula anamupatsa thireyi ndi makapu atatu opanda kanthu.

"Achemwali, pepani," anatero motsitsa mawu. "Woweta ndine. Abambo a Jessicawa ngakhale kukama sadziwa."

Tadala anavula magalasi. Maso ake anali otopa, osati achipongwe. "Ndikudziwa, mayi. Konse kumene tapita oweta ndi amayi. Koma mabwana amati wogula thumba ndi bambo, ndiye bambo azionekera patsogolo. Ine ndangotumidwa. Ndi chithunzi chabe."

Ndi chithunzi chabe. Easter anaima pamene anamuimika. Wojambula anasuzumira m'kamera, anadzuka, nabwera kudzamukonza manja kuti alowe pansi pa thireyi, zala zisaoneke. Mlekeni anavuta, sankafuna kuima pafupi ndi munthu wachilendo wovala zobiriwira, mpaka Easter anachita kuyankhula naye ali kumbuyoko, "Ndine, mayi, ndine," kwinaku akumwetulira monga anamuuzira. Pochoka anasiya matumba awiri a chakudya cha ng'ombe, ndi ovololo ndi majombo omwe. Majombowo Easter anawasirira kwambiri, poti m'khola ankalowa ndi mapatapata, koma anali aakulu, a saizi ya abambo.

Makalendala atatuluka anafika paliponse, m'magolosale, kuchigayo, mpaka m'matiyirumu a ku Njuli. Easter anadzizindikira movutikira. Anamuyeretsa nkhope, anamufafaniza makwinya. Koma chimene chinamudabwitsa kwambiri chinali Mlekeni: ng'ombe inayang'ana kutsogolo ndi maso awiri owala bwino. Anthu a pakompyuta anaipatsa diso latsopano. Anaseka tsiku limenelo mpaka misozi, akuti ku Blantyre kuli asing'anga.

Kuseka kunathera pomwepo. Anyamata a kabaza akamuona akubwera ndi chigubu pamutu, thukuta lili kamukamu, ankafuula, "Mwetulirani, mayi! Bambo akudziwa kuweta!" Zimenezo akanapirira. Koma alendo anayamba kubwera, a mabungwe, a wailesi, ndipo aliyense ankafunsa bambo wa pachikwangwani. Rafaeli ankavala ovololo yake, n'kuima patali pang'ono ndi khola, kufotokoza za nsenjere mokoma kuposa mmene Easter akanafotokozera. Gulu lija la amayi, limene tsopano linali ndi abambo angapo, linamusankha kukhala wapampando, poti alendo ankamudziwa kale. Anayamba kuitanidwa kumaphunziro ku Blantyre. Ankabwerako ndi malaya olembalemba ndi mawu atsopano, n'kumauza mkazi wake kuti sakutsuka bwino mawere a ng'ombe. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi iyi amalonda sanaipeze, inangonenepa.

Ku Njuli kunali mayi wina wa tiyirumu amene anapachika kalendala ija pamwamba pa tebulo. Tsiku lina bambo wa pakalendala analowa yekha m'tiyirumu, wamoyo, mano ali omwewo. Zotsatira zake mukuzidziwa. Rafaeli anayamba kugona kumaphunziro ngakhale kulibe maphunziro. Easter anamva, monga mmene mkazi amamvera, kumjigo. Sanapite ku Njuli kukatukwana. Akanapita nthawi yanji? Nsenjere sizidzidula zokha.

Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Chaka chatha, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, Rafaeli anaika zovala m'sutikesi yake yamalata n'kunena kuti banja latha. Easter anangoti, "Yendani bwino." Kunena zoona mumtima munali mpumulo pang'ono, mbale imodzi yachepa. Koma patapita sabata kunabwera uthenga wakuti abwera ndi ankhoswe, kudzatenga ng'ombe yake.

Apa mpamene Easter anachita mantha. Munda sangautenge, nyumba sangaisenze, zimenezo ndi za kuchikazi ndipo aliyense akudziwa. Koma ng'ombe imayenda. Ndipo pakhomo paja Mlekeni ndiye anali sopo, ndiye anali feteleza, ndiye anali mankhwala a kuchipatala. Panalinso kamwana ka Mlekeni kakakazi ka miyezi itatu. Popanda ng'ombe imeneyi Easter akanabwerera kuganyu, pa msinkhu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu.

Anakumana Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango. Kuchikazi nkhoswe anali Sungani, mchimwene wake wa Easter, munthu wofatsa wosakonda phokoso. Kuchimuna kunabwera Davie, mkulu wake wa Rafaeli, atapinda kalendala m'khwapa. Achibale ena ndi oyandikana nawo anakhala pamphasa. Rafaeli anabwera atavala ovololo ija, yochapa bwino, ngati kuti nayo ndi mboni.

"Mwambo tikuudziwa, alamu," anayamba Sungani. "Mkamwini amachoka ndi chimene anabwera nacho. Awa anabwera ndi sutikesi ndi wailesi."

"Zoona," anatero Davie. "Koma chimene munthu wakhetsera thukuta sachisiya." Anatambasula kalendala pamphasa n'kuitsindira ndi miyala. "Taonani. Chingwe chili m'manja mwa ndani? Izi sitinajambule ife. Ajambula ndi anthu ophunzira a ku Blantyre. Dziko lonse likudziwa woweta ng'ombe iyi. Gulu lomwe linawasankha upampando. Alamu athuwa ndi awa apa, agwira makapu."

Anthu anaweramira kalendala. Onsewo ankadziwa amene amadutsa ndi mitolo ya nsenjere m'mawa uliwonse, koma chinthu cholembedwa chili ndi mphamvu yake, chimachititsa munthu kukayikira maso ake omwe. Wina anati mwina aigulitse agawane. Wina anati mwamuna ndi mutu wa banja. Sungani anayamba kukanda m'mutu, ndipo Easter anaona kuti mchimwene wake akufewa. Nkhani inazungulira, dzuwa n'kumapendeka. Easter anali wotopa, kutopa kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mawu okoma analibe.

Kenaka Mlekeni analira m'khola. Nthawi yokama inali itakwana.

Thupi la Easter linafuna kudzuka lokha, monga limachitira tsiku lililonse. Analikaniza. Ng'ombe inaliranso, motalika. Anthu anayamba kumuyang'ana.

"Achemwali, ng'ombe ikuitana," anatero Sungani.

"Ikuitana mwini wake," anayankha Easter. "Mwini wake ndi awo avala majombo. Ndowa ili pakhonde, yotsukatsuka. Akame, abambo a Jessica. Ine ndibweretsa makapu."

Ena anaseka, koma iye sankaseka. Mawere a ng'ombe akadzaza amapweteka, ndipo kulira kulikonse kunkamulasa ngati kulira kwa mwana wake. Anakhalabe pansi, manja atawapanikiza pakati pa mawondo.

Rafaeli anadzuka mwaulemu wake, natenga ndowa. Atatsala pang'ono kufika pakhola, Easter anamuitana.

"Musanalowe. Diso lake lakufa ndi liti?"

Rafaeli anaima. Zaka zisanu ndi zinayi ng'ombe ili pakhomo pake. Anadziwa kuti pali nkhani ya diso, anaimvapo, koma anali asanayang'anepo ng'ombeyo kumaso. Mlekeni anali atatembenukira kukhoma, mutu uli m'chodyeramo. Ndiye munthu uja anachita chinthu chimene anthu a pamudzipo akusimbabe: anabwerera pamphasa kukayang'ana pa kalendala. Davie nayenso anawerama. Pa kalendala panali maso awiri, onse owala.

"Lakumanja," anatero Rafaeli mwamphamvu, poti kuyankha mwamphamvu ndiye kunali luso lake.

Analowa m'khola kudzera kumanzere, kuganiza kuti ndiko ng'ombe ikuona, ali chete. Anakhala pa kampando, natambasula dzanja. Sanakhudze n'komwe bwinobwino. Chiboda chinamenya ndowa, ndowa inamenya khoma, ndipo bambo wodziwa kuweta anapezeka ali chagada m'ndowe, ovololo yobiriwira itasintha mtundu. Anayesanso kachiwiri, Davie atagwira chingwe. Mlekeni anaumitsa thupi, anabisa mkaka, osatulutsa ngakhale dontho. Ankangolira, akutembenuza mutu uku ndi uku kufunafuna ndi diso lake limodzi.

"Achemwali, chonde, nyama ikuvutika," anatero Sungani.

"Yambani mwanena kuti ndi ya ndani," anatero Easter. Misozi inali m'masaya. "Nenani, achimwene, anthu onsewa amve."

Davie anapinda kalendala yake pang'onopang'ono. "Ng'ombe yanena yokha," anatero.

Easter anathamanga. Anadzera kumanja. "Ndine, mayi, ndine. Pepa." Anatsamiritsa chipumi pamimba pa ng'ombe, ndipo mkaka unayamba kulira m'ndowa.

Zikanakhala kuti nkhani inathera pamenepo, bwenzi ili yokoma. Koma ali m'kholamo, amuna pansi pa mango anapitiriza kukambirana. Anagwirizana kuti munthu amene wakhala pamudzi zaka pafupifupi makumi atatu, wabereka ana atatu, komanso watchukitsa mudzi mpaka pa chikwangwani, sangachoke chimanjamanja, zingachititse manyazi. Atenge kamwana ka ng'ombe. Easter atatuluka ndi ndowa anapeza zatha kale, akugwirana chanza. Anayang'ana mchimwene wake, mchimwene wake anayang'ana pansi. Mphamvu zokanganira zinali zitathera m'khola muja.

Kamwanako anakakweza pa ngolo m'mawa mwake. Mlekeni analira masiku anayi, anakana madeya, mkaka unatsika mpaka theka la chigubu. Easter ankakhala naye m'khola. Ku Njuli kunalibe amene ankadziwa kudula nsenjere, ndipo kamwanako sikanathe miyezi iwiri, anakagulitsa kwa opha nyama.

Moyo unabwerera m'malo mwake. Kudambo, kumjigo, m'khola, kumkaka. Jessica anamutumizira majombo a saizi yake, ndiwo anali chinthu chatsopano chokha pakhomopo. Gulu linasankha wapampando wina, bambonso. Chikwangwani chikadalipo, poti kampani inachiika kuti chikhale zaka, ndipo anyamata a kabaza anatopa nayo nthabwala ija.

Mwezi wathawu galimoto yoyera inabweranso. Anatuluka Tadala yemwe uja, wowonda pang'ono, ndi wojambula wina. Easter anali akumanga chigubu kuti asenze.

"Mayi, mukundikumbukira? Kalendala ija inayenda bwino kwambiri. Mabwana akufuna ina, ng'ombe yomweyi." Anaunguzaunguza pakhonde. "Abambo ali kuti?"

"Anapita."

"Abwera nthawi yanji?"

"Sabweranso."

Tadala anayang'ana manja a Easter, amene anali pa chivindikiro cha chigubu, kenaka anayang'ana foni yake. Zinaoneka kuti anachita manyazi, koma anafunsabe, poti anatumidwa.

"Pepani, mayi. Nanga palibe bambo wina aliyense pafupi? Ngakhale achimwene anu. Angovala ovololo n'kugwira chingwe, mphindi khumi basi. Ndi chithunzi chabe."

Sungani, amene anabwera kudzaona galimoto, anali ataima kale pafupi ndi buti ya galimotoyo, akuyang'ana majombo atsopano amene anali m'menemo. Easter anamuona. Sanakwiye, mkwiyo umafuna mphamvu. Anapita pakhola, nakoka chitseko, namanga ndi waya kawiri. Mlekeni anatembenuza mutu kumuyang'ana ndi diso lake lamoyo.

"Achemwali," anatero Easter, "bambo woyamba amene munamugwiritsa chingwe anachoka ndi mwana wa ng'ombe. Wachiwiriyu adzachoka ndi mayi wake."

Anawerama, nasenza chigubu, nauyamba wa kumkaka, chifukwa ukachedwa mkaka umasasa.